Wa Babatoni Aziimba Chiyani Banjo Ikamathamanga?

Mnyamata wina wanditumizira imelo. Akuti m'bandi yawo alipo anayi: banjo ziwiri, babatoni (besi yaitali ya nsambo imodzi ya waya, yokhala ndi ng'oma ya chikopa, yoimbidwa ndi kamtengo ndi botolo) ndi ng'oma ya phazi. Iye amaimba babatoni, mng'ono wake banjo yachiwiri. Funso lake ndi ili: "Tikamatsatira zomwe akuimba wa banjo yotsogolera, nyimbo imangosanduka phokoso. Nanga ife tiziimba chiyani?"

Achimwene, vuto lagona pa kutsatirapo. Wa banjo yotsogolera ndi wololedwa kuyendayenda, kukwera ndi kutsika mmene akufunira. Amatero podalira kuti kumbuyo kuli anthu amene sakusuntha. Inunso mukanyamuka kumuthamangira, palibe wotsala kugwira nyimbo.

Nyimbo zambiri za mabandi a banjo kuno zimazungulira pa makiyi atatu okha, mwachitsanzo C, F, C, G, kenako n'kuyambiranso. Ndi mmenenso imayendera kwela, yomwe inatchuka ku South Africa m'ma 1950, ndipo kwathu kuno Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaiimba ndi besi ya nsambo imodzi. Ntchito yanu ndi yoti kiyi ikamasintha, mawu ake apansi amveke pomwepo, limodzi ndi kugunda kwa ng'oma. Khutu lanu likhale pa phazi la mnzanu wang'oma, osati pa zala za wabanjo.

Babatoni ilibe timizere tosonyeza pogwira ngati gitala, ndiye poyamba lembani ndi choko pamtengopo malo atatu oimitsa botolo. Musachite manyazi, choko chimafufutika. Chovuta chenicheni ndi mtunda: mtengowo ndi wautali, ndipo botolo likanyamuka mochedwa limafika kiyi itasintha kale. Linyamuke msanga pang'ono, kuti kamtengo komenyera kakamagwa pawaya, botolo likhale litafika. Kulira kotsetsereka kuja n'kokoma, koma mukakuika paliponse anthu ovina amasowa popondera. Kaonereni makanema a Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, kapena Yobu Maligwa wa Madalitso Band. Musamangomvera mawu, muziyang'ana nthawi imene dzanja la botolo likunyamuka. Muonanso kuti amabwereza chinthu chimodzimodzi nthawi yaitali osatopa nacho, ndipo anthu amavina mpaka thukuta.

Mng'ono wanu asamamenye pamodzi ndi inu. Inu mukati "du", iye ayankhe "tcha" pampata wotsatirawo, mwachidule, n'kufewetsa zala zakumanzere kuti nsambo zisapitirize kulira. Banjo ziwiri zikamalira malo amodzi zimaphana, choncho wotsogolera akakwera, iye atsalire pansi. Woimba akatsegula pakamwa, nonse awiri chepetsani mphamvu. Ine bandi imene mawu a nyimbo sakumveka sindikhalitsa poimvera, kaya zala zikuthamanga bwanji.

Za chikopa musaiwale. Nyengo ya mvula chimalefuka ndipo besi imamveka ngati yamizidwa m'madzi. Chiwambeni pamoto patalipatali kapena chiikeni padzuwa, kenako chunani wayayo, chifukwa chikopa chikakungika malo a choko aja amatha kusuntha pang'ono.

Pokonzekera, wotsogolera ayambe wakhala pansi. Inu atatu zungulirani makiyiwo mpaka wodutsa pamsewu ayambe kugwedeza mutu. Zikatero muitaneni alowe.