Kwa achimwene ofunsa za voti ya Cardinals Hall of Fame: musavotere usiku umodzi

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati mwangosamukira ku St. Louis chaka chatha, anzanu a kuntchito akukulimbikitsani kuti muvote nawo posankha wosewera baseball woti alowe mu Cardinals Hall of Fame, gulu la anthu olemekezeka m'mbiri ya timu ya St. Louis Cardinals, ndipo mukufuna kudziwa mmene chisankhocho chimayendera, amene mungamuvotere, komanso ngati nyumba yosungiramo mbiri ya timuyi ndi yoyenera kupitako ndi ana.  Ndilankhula makamaka za voti, chifukwa ndakhala mumzinda uno zaka zoposa 15, ndavota chaka chilichonse kuyambira 2014, ndipo voti imeneyi inandichititsapo manyazi amene sindinawaiwale mpaka lero.

Ndiyambe ndi kuwongola zimene ena alemba pamwambapa, kuti wosewera ayenera kupeza mavoti 75 pa 100 alionse ndiponso kukhala atapuma zaka zisanu. Malamulo amenewo ndi a National Baseball Hall of Fame ya ku Cooperstown, m'boma la New York, kumene amavota ndi atolankhani a bungwe la BBWAA, ndipo inu ndi ine sitikhudzako. Ya Cardinals ndi ina, ndi ya timu yokha. Inakhazikitsidwa mu 2014, ndipo malamulo ake ndi akuti munthu akhale atasewera timuyi zaka zosachepera zitatu komanso atasiya kusewera zaka zosachepera zitatu. Pali komiti ya akatswiri ndi atolankhani yotchedwa Red Ribbon, imene imasankha mayina ochepa n'kuwaika pa mndandanda, kenako ochemerera amavota pa intaneti kuyambira cha kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi mpaka mu Epulo. Osewera amene anasiya zaka zoposa 40 zapitazo amasankhidwa ndi komitiyo payokha, ndipo eni timu ali ndi ufulu wolowetsa munthu wina amene anagwira ntchito yotamandika ngakhale sanali wosewera. Kuyambira 2014 mpaka 2020 ochemerera ankalowetsa anthu awiri pachaka, koma kuyambira 2021 mpaka 2025 ankalowetsa mmodzi. Choncho musadzitopetse kukangana za dzina limene silili pa mndandanda wa chakacho, chifukwa mkangano umenewo suwonjezera voti ngakhale imodzi.

Kusiyana kwa nyumba ziwirizi kumaonekera bwino pa Jim Edmonds. Ku Cooperstown anagwa chaka choyamba chomwe, mu 2016, atalephera kupeza ngakhale mavoti asanu pa 100 ofunika kuti dzina likhalebe pa pepala, pamene kuno ochemerera anamulowetsa pa chisankho choyambirira cha 2014 pamodzi ndi Willie McGee. Ted Simmons analowa kuno mu 2015, ndipo ku Cooperstown anadikira mpaka gulu la 2020. Kuno mlandu ndi umodzi wokha: munthuyu anachita chiyani atavala jezi ya Cardinals ya mbalame ziwiri zofiira, ndipo anachita kwa zaka zingati?

Tsopano ndifike pa manyazi anga, pakuti ndi pamene pali chenjezo langa lalikulu. Mu 2023 pa mndandanda panali dzina la David Freese. Ngati anzanu a kuntchito sanakuuzeni za iye, akuuzani posachedwa, ndipo adzachita kuimirira pofotokoza. Pa 27 Okutobala 2011, m'masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho, Cardinals inatsala ndi strike imodzi (kuphonya kumodzi kwa womenya mpira) kuti itaye chikho kwa Texas Rangers. Freese anamenya triple (mpira womufikitsa womenya pa malo achitatu) mu inning ya 9, kutanthauza gawo la 9 la masewero, n'kufananitsa zigoli, kenako mu inning ya 11 anamenya home run (mpira woulukira kunja kwa malo osewerera) imene inathetsa masewerowo, ndipo mawa lake timu inatenga chikho chake cha 11. Mnyamatayo anakulira m'dera la St. Louis lomweli. Usiku umenewo ndinkaonera pa TV yaing'ono m'nyumba ya lendi, ndisanamvetse bwino ngakhale malamulo a masewerowa, ndipo ndinadumpha mpaka kugwetsa mbale ya nsima imene ndinaika pa mpando. Baseball ndinayamba kuikonda usiku umenewo.

Dzina lake litatuluka pa mndandanda, ndinasanduka mkulu wa kampeni wosalipidwa. Ndinkayenda tebulo ndi tebulo pa nthawi yopuma, ndinavotetsa ngakhale abale athu ena amene sadziwa kusiyanitsa woponya mpira ndi womenya, ndipo ndinkadzitama nazo. Kuntchito kwathu kuli bambo wina wachikulire, mbadwa ya mzinda uno, amene amasunga makadi olembapo zigoli ndi pensulo kuyambira ali mnyamata. Tsiku lina anabwera ndi kadi ya 1982, yachikasu ndi kukalamba, yopindika m'makona, n'kuiyala pafupi ndi kapu yanga ya tiyi. Anandiuza modekha kuti Freese anasewera timuyi kuyambira 2009 mpaka 2013, kuti ankavulala kawirikawiri, kuti chaka chake chokhacho chodzaza ndi champhamvu chinali 2012 pamene anamenya ma home run 20, ndipo kuti pa mndandanda womwewo panali anthu amene anasenza timu zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Ine ndinamuyankha mwachipongwe pamaso pa anthu, kuti manambala ake a pensulo sanatengepo chikho. Sitinalankhulane pafupifupi miyezi iwiri.

Freese anapambana voti. Mu Juni chaka chomwecho iye mwini analengeza kuti sakulandira ulemuwo, ndipo tanthauzo la mawu ake linali lakuti amadziwa kulemera kwa jekete lofiira limene olowa m'nyumbayi amavekedwa, ndipo sakudziona woyenera kuima pamodzi ndi amene analivala kale. Anathokoza ochemerera n'kupepesa. Chaka chimenecho analowa José Oquendo ndi Max Lanier, amene sanadzere pa voti yathu, ndipo mpando wa ochemerera unakhala wopanda munthu. Sindimuimba mlandu Freese ngakhale pang'ono, ndipo ulemu wanga pa iye unakula. Chimene chinandiwawa n'chakuti mwini wake anawerengera zaka zake mofanana ndi mmene anawerengera bambo wa pensulo uja, pamene ine ndinkawerengera usiku umodzi. Lolemba lotsatira ndinapita kukapepesa, ndipo mkuluyo anangondikankhira mpando n'kuyamba kundiphunzitsa kulemba kadi.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Musanavote, tsegulani tsamba la Baseball-Reference, limene ndi laulere, ndipo pa dzina lililonse muyang'ane mizere yokhala ndi zilembo za STL (St. Louis) yokha. Muwerenge zaka, muwerenge masewero amene munthuyo ankasewera pachaka, muone ngati ankakhalapo nthawi zonse kapena ankangowala mwezi umodzi. Ntchito imeneyi siposa theka la ola.

Msampha wachiwiri ndi wa dzina lalikulu limene linakulira kwina. Steve Carlton, woponya mpira, wakhala akuoneka pa mndandanda umenewu kangapo, ndipo amene angoyamba kumene amathamangira kumuvotera chifukwa ali kale ku Cooperstown kuyambira 1994 ndipo anapambana masewero 329. Koma pa masewero amenewo, 77 okha ndi amene anapambanira St. Louis pakati pa 1965 ndi 1971. Timu inamusinthanitsa ndi Rick Wise wa Philadelphia Phillies mu 1972 atasiyana pa nkhani ya malipiro, chaka chomwecho anapambana masewero 27, ndipo mphotho zake zinayi za Cy Young, zimene zimaperekedwa kwa woponya mpira wopambana pachaka, zonse anazitengera kumeneko. Sindikunena kuti zaka zake kuno zinali zachabe, chifukwa anali m'timu imene inatenga chikho mu 1967 ndipo anapambana masewero 20 mu 1971. Ndikunena kuti mukamuvotera, muvotere zimenezo, osati zimene anachitira anthu a ku Philadelphia, amene anamulemekeza kale mokwanira.

Muchenjerenso ndi chakukhosi cha anthu akale, chifukwa nachonso chimavota. Keith Hernandez anali MVP, wosewera wopambana onse pachaka, wa National League, ligi imene Cardinals imasewera, mu 1979 pamodzi ndi Willie Stargell, ndipo anali m'timu ya chikho cha 1982. Atamugulitsa ku New York Mets mu Juni 1983, anakhala nkhope ya timu imene St. Louis inkadana nayo kwambiri m'zaka zimenezo, ndipo anadikira mpaka 2021 kuti ochemerera amulowetse, anthu a ntchito yocheperapo atamudutsa. Mark McGwire, amene anamenya ma home run 70 mu 1998 n'kuvomera mu 2010 kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala owonjezera mphamvu, analowa mu 2017, zaka zinayi Hernandez asanalowe. Nkhani ya McGwire musaiyambitse pa tebulo la anthu amene simunazolowerane nawo, pakuti imagawa ngakhale anthu a banja limodzi.

Mwafunsa amene mungamuvotere. Matt Morris analowa mu 2024 ndipo Edgar Rentería mu 2025, choncho awiri amene anali pa mndandanda wa 2023 ndipo ndinawalakwira analandira majekete awo. Albert Pujols ndi Yadier Molina, amene anasiya kusewera kumapeto kwa 2022, safuna kampeni ya munthu, ndipo voti yanu siwawonjezera kanthu. Ngati dzina la George Hendrick lili pa mndandanda umene mwalandira, ine ndikupemphani muliyang'ane kawiri. Anasewera kuno kuyambira 1978 mpaka 1984, analowetsa anzake ma run (zigoli) 109 mu 1980 ndi 104 mu 1982, ndipo m'masewero achisanu ndi chiwiri a World Series ya 1982, polimbana ndi Milwaukee Brewers, ndiye anamenya mpira umene unaika Cardinals patsogolo Hernandez atangofananitsa zigoli. Kadi yachikasu ija inali ya masewero amenewo. Hendrick sankalankhula ndi atolankhani, mpaka anamupatsa dzina loti Silent George, ndipo ndikuganiza kuti kukhala chete kumeneko kukumudyera mavoti mpaka pano, chifukwa achinyamata amene amavota pafoni alibe kanema wake woti azitumizirana.

Kwa amene wakulangizani kuti muvote kambirimbiri ndi maimelo osiyanasiyana kuti munthu wanu apambane, ndingomukumbutsa za Cincinnati. Mu 1957 nyuzipepala ya kumeneko inasindikiza mapepala ovotera masewero a All-Star, a akatswiri osankhidwa kuchokera m'matimu onse, atachongedwa kale, anthu anavota mosaleka, ndipo osewera asanu ndi awiri a Reds, timu ya mzindawo, anasankhidwa kuti ayambe masewerowo kumbali ya National League. Wochokera kwina anali Stan Musial wa Cardinals yekha. Mkulu wa baseball pa nthawiyo, Ford Frick, anachotsa Gus Bell ndi Wally Post n'kuikapo Willie Mays ndi Hank Aaron, kenako analanda ochemerera ufulu wovota, ndipo sunabwerere mpaka 1970. Werengani malamulo amene ali pa tsamba la timu chaka chimenecho, muvote mmene akulolera, mulekere pomwepo.

Za nyumba yosungiramo mbiri, pitani ndithu, ndipo ana mupite nawo. Ili m'nyumba ya Cardinals Nation ku Ballpark Village, kungowoloka msewu kuchokera pa Busch Stadium, bwalo la timuyi. Nthawi yomaliza imene ndinapitako, khonde lokhala ndi zikwangwani za mkuwa za anthu amene analowa mu Hall of Fame linali laulere, ndipo kulipira kunali kwa mkati mmene muli majezi akale, mphete za zikho ndi katundu wa Musial ndi Bob Gibson, akatswiri akale a timuyi. Munthu wamkulu muwerengere pakati pa madola 10 ndi 20, ana n'kutsikirapo pang'ono. Chenjezo langa ndi lakuti musapite tsiku la masewero ngati cholinga chanu ndi kuwerenga ndi kuphunzira, chifukwa anthu amadzaza, ana amatopa pa mzere, ndipo malo oimika galimoto pafupi ndi bwalo amatha kufika madola 30 kapena 40. Sankhani tsiku la mkati mwa sabata pamene timu ikusewera kwina, mukwere sitima ya MetroLink ya madola awiri kapena atatu, mutsikire pa siteshoni ya Stadium. Mwambo wowaveka majekete umachitika cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo tsiku limenelo muyenera kulawirira kwambiri ngati mukufuna kuona nkhope zawo ndi maso anu, apo ayi mudzaonera pa kanema wamkulu muli chiimire kumbuyo.

Mukafika pa khonde la zikwangwani, muyambe ndi cha Curt Flood, amene komiti inamulowetsa mu 2015. Ameneyu anakana kusamutsidwira ku Philadelphia kumapeto kwa 1969, anatengera eni baseball kukhoti mpaka ku Supreme Court, khoti lalikulu la dzikolo, kumene anagonja mu 1972, koma mlandu wake unatsegula njira yoti osewera azitha kusankha timu mgwirizano wawo ukatha. Ana anu akafunsa kuti munthu ameneyu anachita chiyani, mudzakhala ndi zowauza za ulendo wonse wobwerera kunyumba. Ndipo mndandanda wa chaka chino ukakufikani, utumizeni pano musanavote, tiuyang'ane limodzi dzina ndi dzina.