Graph ikuti 2.1, SLOPE ikuti 1.05: yolondola ndi iti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Mu Excel, kolamu A walembamo maola amene makina anagwira ntchito: 2, 4, 6, 8, 10. Mu B muli mayunitsi a magetsi amene anapita: 3, 5, 7, 8, 12. Trendline (mzere wowongoka umene Excel imajambula pakati pa manambalawo) ya pa graph yake ikuti y = 2.1x + 0.7, x kukhala maola ndipo y magetsi, pamene SLOPE, fomula yowerengera kupendekeka kwa mzerewo, ikumupatsa 1.05 m'malo mwa 2.1. Akufunsa kuti atsatire iti.

Tsatirani 1.05, achimwene, ndipo tiwerengere limodzi kuti musangondikhulupirira. Avereji ya maola ndi 6, ya magetsi ndi 7. Chotsani 6 pa nambala iliyonse ya mu A, mupeza -4, -2, 0, 2, 4. Ku B chotsani 7, mupeza -4, -2, 0, 1, 5. Chulukitsani ziwiriziwiri n'kuphatikiza: 16, 4, 0, 2 ndi 20 zikwana 42. Zija za mu A muzichulukitse iliyonse ndi iyo yomwe, zonse pamodzi zikwana 40. Tsono 42 kugawa ndi 40 ndi 1.05, kutanthauza kuti ola lililonse lowonjezera limadya mayunitsi 1.05. Intercept, kutanthauza y pamene x ali ziro, imapezeka chonchi: 1.05 kuchulukitsa ndi 6 ndi 6.3, ndipo 7 kuchotsa 6.3 ndi 0.7. Imeneyi ndi njira ya least squares, yopezera mzere woyenderana bwino kwambiri ndi manambala, imene katswiri wa masamu Legendre anasindikiza mu 1805, ndipo =SLOPE(B2:B6,A2:A6) ndi =INTERCEPT(B2:B6,A2:A6) zimachita zomwezi.

Nanga 2.1 uja wachokera kuti? Munasankha Line chart. Graph ya mtundu umenewu imatenga maola anu ngati mayina chabe olemba m'munsi, n'kumawerengera ngati x ndi 1, 2, 3, 4, 5. Poti maola anu akudumpha awiriawiri, slope yatuluka yowirikiza kawiri. Jambulaninso ndi Scatter, muona graph ndi SLOPE zikugwirizana. Msampha umenewu umandidetsa nkhawa chifukwa kompyuta sikuchenjezani, ndipo graph imaoneka yokongola ndithu.

Samalaninso ndi chimene chikuyamba mu fomula. Y ndiye amatsogola, x pambuyo. Mukatembenuza mupeza 0.913, nambala yooneka ngati ilibe vuto koma yoyankha funso lina.

Tsiku limene mudzawonjezere x wachiwiri, monga kutentha kwa m'chipindamo, SLOPE sadzakuthandizaninso. Pamenepo mpofunika LINEST, fomula yolandira ma x angapo, ndipo makolamu a x akhale oyandikana. LINEST imayala mayankho chobwerera m'mbuyo: coefficient (nambala yochulukitsa x) ya x womaliza imakhala kumanzere, intercept kumapeto kudzanja lamanja. Ambiri amasokonezeka pomwepa. Mu Excel yakale muyambe mwasankha maselo onse olandira yankho n'kudina Ctrl+Shift+Enter, pamene ya Microsoft 365 ndi Google Sheets zimayala zokha.

Za 0.7 uja, musafulumire kunena kuti makina amadya magetsi amenewo ali chikhalire. Simunayezepo pansi pa maola 2, ndiye zimene mzere ukunena pa ziro n'zongoyerekeza. Mukafuna kudziwa zenizeni, yezani makinawo atayaka koma asakugwira ntchito.