Magulu a milalang'amba anayamba bwanji?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti: ngati pachiyambi zinthu zonse zinali zomwazikana mofanana paliponse, zinatheka bwanji kuti milalang'amba, yomwe uliwonse uli ndi nyenyezi zosawerengeka, iunjikane m'magulu akuluakulu, kwina n'kutsala kopanda kanthu?

Bwanawe, kufananako sikunali kwenikweni. Chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, ndipo kuwala kwakale kwambiri komwe tingathe kukuona kunatuluka patangotha zaka 380,000 chiyambire. Mu 1992 setilaiti ya COBE inapeza kuti kuwalaku n'kotentherako mbali zina, kozizirirako mbali zina, ngakhale kusiyana kwake n'kochepa zedi, gawo limodzi pa magawo 100,000. Kusiyanako kumasonyeza kuti zinthu zinali zochulukirako mbali zina, ndipo kumeneko n'kumene kunayambira nkhani yonse. Pamalo pamene panali zinthu zochulukirako pang'ono, mphamvu yokoka inalinso yokulirapo, choncho pankakokera zinthu za m'mbali, n'kumalemerabe.

Koma pali vuto, ndipo kwa ine apa ndiye pokoma. Kuchokera nthawi imeneyo chilengedwe chafutukuka maulendo pafupifupi 1,100, ndipo kusiyana kuja kumakula pa mlingo pafupifupi womwewo. Werengetsani nokha: mupeza gawo limodzi pa 100 basi. Zimenezo sizingabale mlalang'amba ngakhale umodzi. Nthawi ikanachepa.

Chimene chinafulumizitsa ntchito ndi dark matter, chinthu chosaoneka chomwe chimaposa zinthu wamba kasanu pa kulemera. Poyamba mpweya wamba unkalephera kuunjikana chifukwa kuwala kunkaukankha uku ndi uku. Dark matter sakhudzidwa ndi kuwala, ndiye anayamba kale kusonkhana mpweya udakali womangika. Mpweyawo utamasuka unangogwera m'milu yopangidwa kale, n'kuzizira, n'kuyatsa nyenyezi. Wasayansi Fritz Zwicky anayamba kuganizira za chinthu chosaonekachi mu 1933 ataona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti ikanabalalika pakanapanda chinthu chobisika choigwira. Anzake anatenga zaka zambiri kuti amumvere.

Zazing'ono n'zimene zinayamba. Timilalang'amba tinkaphatikizana, kenako timagulu, ndipo magulu aakulu anabwera mochedwa kuposa zonse. Maonekedwe ake ali ngati ukonde wa kangaude: zingwe zazitali za milalang'amba, mipata ikuluikulu pakati, ndipo pomwe zingwe zakumana m'pamene pamamera gulu. Asayansi Margaret Geller ndi John Huchra anaonetsa chimodzi mwa zimphona zimenezi mu 1989, khoma la milalang'amba lotchedwa Great Wall.

Munafunsanso ngati magulu ongoyamba kumene amaoneka. Eya. Mu 2023 telesikopu ya James Webb inatsimikizira milalang'amba 7 yomwe inali itayamba kuyandikana chilengedwe chili ndi zaka 650 miliyoni zokha. Limeneli silinali gulu lokhwima ayi. Gulu lokhwima, monga la Virgo lomwe lili ndi milalang'amba yoposa 1,000, limakhala litadzaza mpweya wotentha madigiri mamiliyoni ambirimbiri, wowala mu X-ray, ndipo mpweya umenewu umalemera kuposa nyenyezi zake zonse pamodzi.

Musamakhulupirire msanga mitu ya nkhani yonena kuti Webb wagwetsa zonse zomwe asayansi ankadziwa. Milalang'amba ina inakuladi msanga kuposa mmene ankayembekezera, ndipo akukanganabe za chifukwa chake, koma mkanganowo wagona kwambiri pa liwiro lomwe mpweya unkasandukira nyenyezi, osati pa ukonde weniweniwo.