Kwa mayi amene amakonda masewero oimba amene ndalama zake zinalowa m'madzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Leeds. Iwo amakonda masewero oimba a pasiteji amene sanabweze mpamba, anzawo amawanena kuti alibe khutu, ndipo akufunsa ngati chikondi chimenechi chikusonyeza kuti sadziwa kusankha. Mayi, ndachedwa kukuyankhani chifukwa funso lanu landikhudza pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Ndisanabwere ku Britain, ine ndi anzanga awiri tinakonza sewero loimba ku Blantyre. Mmodzi ankapeka nyimbo pa kiyibodi yobwereka, wina ankalemba mawu, ndipo ine ndinkaphunzitsa ochita sewerolo. Tinakonzekera miyezi isanu m'kalasi ina madzulo, magetsi akazima tikuyatsa makandulo n'kupitiriza. Tinachita lendi holo yaikulu, koma tsiku lotsegulira nditasuzumira kuseri kwa katani ndinaona mizere itatu yokha ya anthu, ambiri mwa iwo achibale athu, ndipo kumbuyo kwawo mipando inangoti mbee. Tinaonetsa masiku atatu basi. Ngongole tinaibweza chaka chathunthu, ndipo pamene inkatha, ubwenzi wathu nawonso unali utatha. Palibe amene ananyoza mnzake. Tinangosiya kuimbirana foni, aliyense akusunga mumtima kuti wolakwa anali wina.

M'chaka cha 2013 ndinalowa mu Harold Pinter Theatre ku London kukaonera Merrily We Roll Along, sewero la Stephen Sondheim ndi George Furth, ndisakudziwa mbiri yake. Ndi nkhani ya abwenzi atatu, Frank, Charley ndi Mary, koma imayenda chobwerera m'mbuyo. Mumayamba kuwaona atakula ndipo atadana, kenako chigawo chilichonse chimakubwezani zaka zingapo, mpaka kumapeto mumawapeza mu 1957 ali achinyamata padenga la nyumba ku New York, akuyang'ana kumwamba Sputnik, setilaiti yoyamba kutumizidwa m'mlengalenga, ndi kukhulupirira kuti palibe chimene chingawalake. Iwo akusangalala, koma inu oonera mukudziwa kale kumene akupita. Ndinakhala pampando mpaka anthu onse a mumzere wanga atatuluka, chifukwa misozi inali isanaleke.

Pambuyo pake m'pamene ndinamva kuti sewero limeneli linagwa koopsa. Linatsegulidwa pa 16 November 1981 ku Alvin Theatre pa Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, motsogozedwa ndi Harold Prince, ndipo linatsekedwa litaonetsedwa maulendo 16 okha. Ochita sewero anali achinyamata kwambiri moti oonera ankavutika kuwakhulupirira ngati anthu okhwima ndiponso kuwasiyanitsa, mpaka anawaveka majuzi olembedwa pachifuwa kuti uyu ndi ndani m'nkhaniyo. Olemba ndemanga m'manyuzipepala sanalichitire chifundo. Sondheim ndi Prince, amene anali atakonzera limodzi Company, Follies ndi Sweeney Todd, anatha zaka zoposa 20 osagwiranso ntchito limodzi. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti m'mawa mwake mwa tsiku lotseka, achinyamata aja analowa mu situdiyo n'kujambula nyimbo zonse, ntchito itawathera kale. Chimbale chimenecho ndicho chinasunga sewerolo kuti lisafe. Maria Friedman analiukitsa ku London mu 2012, ndipo pamene linabwerera pa Broadway mu 2023 ndi Jonathan Groff, Daniel Radcliffe ndi Lindsay Mendez, linadzaza holo, linabweza mpamba, ndipo mu 2024 linapata mphoto zinayi za Tony, zimene ndi mphoto zapamwamba za masewero a pa Broadway. Sondheim anamwalira mu November 2021, asanaone zimenezi.

Ndiye anzanu akamati mulibe khutu, ndikufuna ndinene mosapita m'mbali kuti akusokoneza zinthu ziwiri. Kugwa kwa sewero pa Broadway ndi nkhani ya m'mabuku a ndalama. Anthu amaika mpamba waukulu lisanatsegulidwe, kenako sabata iliyonse pamafunika lendi ya holo, malipiro a oimba, oimba zida, osoka zovala ndi oyendetsa magetsi, ndipo matikiti akapanda kukwanira kulipira zimenezi kwa masabata ochepa chabe, eni ndalama amatseka. Masewero ambiri kumeneko sabweza mpamba. Chiweruzo chimenecho chimanena za mtengo wa tikiti, nyengo, kusankha ochita sewero ndi zimene nyuzipepala zalemba usiku umodzi, koma sichingakuuzeni ngati nyimbo ili yabwino. Candide ya Leonard Bernstein inatsegulidwa mu December 1956 n'kuonetsedwa maulendo 73 okha, koma nyimbo yake yotsegulira magulu akuluakulu a zoimbaimba amaiimbabe mpaka lero. Mack & Mabel ya Jerry Herman inatha itaonetsedwa maulendo 66 mu 1974, ndipo anthu a kuno ku Britain anaidziwa mu 1982 pamene Torvill ndi Dean anavinira nyimbo yake pa madzi oundana n'kupambana mpikisano wa dziko lonse.

Komabe pali mtundu wina wa okonda masewero akugwa umene sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe, ndipo pamene ndikulemba pano mtima wanga ukuumirabe. Ndi anthu amene amawakonda kuti aziwaseka. Ku New York kuli malo odyera otchedwa Joe Allen, amene makoma ake anapachikapo zithunzi zotsatsira masewero amene anagwa, ndipo ine ndimaona khoma limenelo ngati chikumbutso cha ulemu, pamene ena amaliona ngati bwalo la chipongwe. Sewero limene amalitchula kwambiri ndi Carrie, lochokera m'buku la Stephen King, limene linayambira ku Stratford-upon-Avon ndipo linatsekedwa pa Broadway mu May 1988 litaonetsedwa kasanu kokha, ndalama zoposa madola 7 miliyoni zitalowa m'madzi. Zolakwika zinalipo ndithu, ndipo sindinganame kuti sewero lililonse lakugwa ndi chuma chobisika. Koma amene amangoseka magazi a nkhumba amene amathiridwa pa mtsikana Carrie m'sewerolo amaiwala kuti m'zigawo za mayi ndi mwana wake, Betty Buckley ndi Linzi Hateley anaimba mopereka moyo wawo wonse. Munthu amene anaimapo kuseri kwa katani n'kuwerenga mipando yopanda anthu sangaseke zimenezo.

Yankho langa kwa inu

Khutu lanu lili bwino, mayi, bola muzitha kunena chimene mukuchikonda: nyimbo yakutiyakuti, mawu akutiakuti, chigawo chakutichakuti. Yambani ndi zimbale zojambulidwa ndi ochita sewero oyambirira, muwerenge nkhani yake musanamvere, ndipo muziyang'anira nyumba zing'onozing'ono za zisudzo monga Menier Chocolate Factory ndi Southwark Playhouse, chifukwa n'kumene masewero otere amaukitsidwa kawirikawiri.

Ife sitinalowe mu situdiyo. Chimene chinatsala ndi kaseti imodzi imene mlongo wanga anajambula ali pamzere woyamba, ndipo m'menemo mumamveka kukhosomola kwa agogo ena pakati pa nyimbo yachiwiri. Nditawerenga imelo yanu ndinaifufuza m'sutikesi, ndinaimvera yonse, ndipo nyimbo ziwiri mwa zisanu ndi zitatu zija n'zabwino ndithu. Lachinayi usiku ndinalembera uthenga mnzanga wa kiyibodi uja kumuuza zimenezi, ndipo ndikudikirabe kuti ayankhe.