Hilux yasinthidwa gasiketi, tsopano ikukana kulira

Bambo wina wa ku Chilomoni wandilembera pa imelo. Ali ndi Toyota Hilux yakale ya petulo, ya injini ya 4Y, yomwe amanyamulira katundu ku msika wa Limbe. Inayamba kuwiritsa madzi, makaniko anasintha gasiketi ya hedi (chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake), ndipo pantchito yomweyo anazulanso distributor, chipangizo chogawa moto kumapulagi, kuti aitsuke. Chibwezereni zonse, sitata ikuzunguza injini bwinobwino koma galimoto osalira, kungoti phu! kukabuleta mwa apo ndi apo. Agula kale koyilo ndi mapulagi atsopano ku Ndirande, ndipo akufunsa ngati agulenso kabuleta.

Bambo, kabuletayo musagule. Galimoto yanu inalowa m'galaja ikulira yokha, ngakhale inkatentha. Koyilo ndi kabuleta zomwe zinkagwira ntchito tsiku limenelo sizingafe pamodzi chifukwa choti hedi yatsegulidwa. Vuto lili pamene padutsa manja, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona ndalama ya ufa ikuthera m'masipeya amene sanalakwe.

Kaphulikidwe mwanenako ndi kamene kandiuza zambiri. Petulo akufika, moto uliponso, koma ukufika pa nthawi yolakwika, valuvu yolowetsa mpweya idakali yotsekula, ndiye lawi likubwerera kukabuleta. Zimenezi zimachitika kawirikawiri mawaya a mapulagi akasokonezeka, kapena distributor ikalowa mozondoka.

Yambani ndi mawaya chifukwa safuna ndalama. Injini yanu imawotcha motsatana chonchi: 1-3-4-2, ndipo silinda 1 ndi yakutsogolo, pafupi ndi radiyeta. Vundukulani chivindikiro cha distributor, wina agwedeze kiyi pang'ono, muone mbali imene rota, kamkono kozungulira kam'katimo, ikuzungulira. Kenako tsatani waya uliwonse ndi dzanja kuchokera pachivindikiro mpaka papulagi yake. Musadalire maso, mawaya akuda onse amafanana.

Mawaya akakhala bwino, tsopano ndi pomwe ndikukayikira kwambiri. Distributor ikazungulira kamodzi, crankshaft, shafti yaikulu yapansi pa injini, imakhala itazungulira kawiri. Ndiye kuti kamzere kolembedwa pa pulley, gudumu la lamba lakutsogolo kwa crankshaft, kamafika pa chizindikiro cha 0 kawiri: ulendo wina silinda 1 ikufinya mpweya kukonzekera moto, ulendo winawo ikumaliza kutulutsa utsi ndipo yofuna moto ndi silinda 4. Makaniko wothamangira kukagwira galimoto ina amangoona kamzere kali pa 0, n'kubaya distributor, osafufuza kuti ndi ulendo uti. Akaphonya, moto wa silinda 1 umafika nthawi ya silinda 4. Ngakhale amisiri okalambira m'ntchitoyi zimawachitikira, choncho musapite kukamukalipira.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani kiyi, giya ikhale pa nyutulo, handibuleki yokoka, ndipo kumtunda kwanuko ikaninso mwala kutayala. Masulani mapulagi onse kuti injini ipepuke. Tsekani bowo la pulagi 1 ndi chala chachikulu, mnzanu azizunguza injini pang'onopang'ono ndi sipanala pabawuti ya pulley, mbali imene injini imazungulira. Mudzamva mpweya ukukankha chala, mpaka kuti tsii m'mbali mwake. Pamenepo apitirize pang'ono mpaka kamzere kafike pa 0, n'kuima. Yang'anani rota. Ikuyenera kuloza pamene pamalowa waya wa silinda 1. Ikaloza kutsidya, kwa waya wa 4, mwaipeza nthenda. Zulani distributor, tembenuzani rota, mubwezeretse. Dziwani kuti polowa rota imapotoka pang'ono chifukwa mano a giya yake ndi opendekeka, ndiye muiyambitse chammbuyo pang'ono kuti ikakhala pansi iloze pa 1. Ikakana kukhala pansi penipeni musaimenye ndi hamala; kumunsi kwake imalumikizana ndi pampu ya oyilo, ndipo ikufuna kuti zigwirizane kaye.

Musanayese kuliza, onani mapulagi mwamasulawo. Masiku onse mwakhala mukuvutitsa sitatawa, ayenera kuti anyowa petulo. Apukuteni, aume. Batirenso iyenera kuti yafooka: yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 volts galimoto ili chozima, choncho ikachajidwe kaye. Poliza musapitirire masekondi 10, sitata izipuma, apo ayi muiwotcha. Onaninso waya wa earth wochoka kuinjini kupita kubodi, ndi tipulagi tonse tamagetsi tapafupi ndi hedi, chifukwa pochotsa hedi zimenezi zimamasulidwa ndipo zimaiwalika.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: musathire petulo kukamwa kwa kabuleta wina akuliza. Ambiri amatero m'magalaja athu, koma injini imene ikuphulikira kumbuyo ngati yanuyi imalavula lawi pomwepo, pankhope ndi pabotolo lomwe lili m'manja. Chosefera mpweya chikhale pamalo pake. Kuikankhira kumtsetse nakonso sikungathandize; moto ukakhala wosokonezeka mudzangoipeza ili kumunsi kwa msewu, mukusaka wokukokani.

Nanga chala chikapanda kumva mpweya uliwonse, kapena injini ikamazungulira mopepuka modabwitsa mapulagi ali momwemo? Pamenepo vuto lili m'kati. 4Y imatsekula mavaluvu ndi timitengo tachitsulo totchedwa pushrod, ndipo kamodzi kakapanda kukhala bwino m'malo mwake valuvu siyenda momwe iyenera. Makaniko atsegule chivindikiro chapamwamba, aone ngati ma rocker onse 8, timikono tokankha mavaluvu, akugwedezeka injini ikamazungulira, kenako ayeze compression, mphamvu yofinyira mpweya, pa silinda iliyonse ndi geji. Sololaninso dipstick, kachitsulo koyezera oyilo: oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, musalizenso mpaka hedi iunikidwe.

Ikalira, musanyamuke nayo katundu tsiku lomwelo. Makaniko aikonze timing, nthawi yofikira moto, ndi nyale yoyezera yotchedwa timing light, muisiye itenthe muli pomwepo mukuyang'ana geji ndi madzi. Koyilo yakale ija isungeni m'galimoto, ndi yabwinobwino. Mundilemberenso mundiuze kumene rota inaloza.