Mafunso ndi Mayankho: Msonkhano wa Lachiwiri m'mawa ngwa yani?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wina muno mu Lusaka, ndipo masiku ambiri ndimalawira mbandakucha kukaoda katundu ku msika wa Soweto. Mwezi wathawu kudera kwathu kunali msonkhano wokambirana za ngalande, nkhani imene imatisowetsa tulo dzinja lililonse madzi akalowa m'nyumba. Unachitika Lachiwiri 10 koloko m'mawa, ndipo ife tinaumva madzulo utatha kale. Lero tikuuzidwa kuti anthu anagwirizana zoti ndalama zipite ku ntchito ina. Kodi misonkhano yotere singaikidwe pa nthawi yoti nafenso tizipezekapo? Ndine mayi wa ana anayi, Lusaka.

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, koma tiyambe tasiyanitsa misonkhano iwiri imene anthu ambiri amaisokoneza.

Woyamba ndi wa khonsolo yonse, umene meya ndi makhansala amachitira ku Civic Centre, mumsewu wa Independence Avenue. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 limalola anthu wamba kulowa mumsonkhanowu, pokhapokha khonsolo itagwirizana kuti nkhani ina ikambidwe mwachinsinsi. Komabe kumeneko mumapita kukamvetsera, chifukwa olankhula ndi kuvota ndi makhansala. Umachitika pa nthawi ya ntchito, ndipo sindingakulangizeni kuthera mphamvu zanu pofuna kuusuntha.

Wachiwiri ndi wa komiti ya chitukuko ya m'wadi, imene ambiri amangoitchula kuti WDC, pamodzi ndi misonkhano ya m'mazoni imene imasankha okuimirirani mu komitiyo. Apa ndi pamene mawu anu ali ndi mphamvu, popeza maganizo a ntchito zofuna ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu aliyense, amayambira kumeneku asanapite ku komiti ya dera la phungu. Kale anthu sankalabadira chifukwa thumbali linali K1.6 miliyoni yokha pa dera lililonse, koma mu 2022 linakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo lakhala likukwerabe. Amene ali m'chipindamo Lachiwiri m'mawa ndiye amanena ngati ndalamazo zipite ku ngalande, ku mjigo kapena ku chipinda chophunzirira. Ola limenelo limakomera opuma pa ntchito ndi amene amakhala pafupi ndi atsogoleri, pamene wogulitsa pamsika, kondakitala wa minibasi ndi mtsikana wogwira ntchito m'nyumba ku Kabulonga sangasiye zimene akuchita. Sindikunena kuti anakonza dala, chifukwa nthawi zambiri woitanitsa msonkhano amangoyang'ana tsiku limene iyeyo ndi ogwira ntchito ku khonsolo ali ndi mpata.

Tsono ola labwino ndi liti? Madzulo amaoneka ngati yankho, koma kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo amene anaona kuthima kwa magetsi kwa mu 2024 akudziwa kuti holo yamdima ndi njira za m'komboni usiku zimabweza amayi ambiri, amenenso nthawi imeneyo amakhala ali pamoto. Loweruka a Seventh-day Adventist amakhala ali kutchalitchi, ena ali ku maukwati ndi ku maliro. Ine ndimaona kuti Lamlungu kuyambira 2 koloko masana, mapemphero ambiri atatha ndiponso msika utazizira, ndi nthawi imene imataya anthu ochepa, makamaka ngati msonkhano sukupitirira maola awiri. Kumene zimenezi sizingatheke, nkhani yaikulu ngati ya ngalandeyi ikambidwe kawiri, kamodzi mkati mwa sabata ndipo kenako kumapeto kwake.

Komabe m'kalata yanu chimene chandikhudza kwambiri si ola ayi, koma kuti munamva msonkhano utatha. Munthu wodziwa tsiku kukadali milungu iwiri angathe kupempha mnzake woyandikana naye benchi kuti amugulitsireko. Choncho pemphani kuti tsiku likhale lokhazikika, mwachitsanzo Lamlungu loyamba la mwezi, ndi kuti chidziwitso chizinena nkhani zokakambirana, chizimatidwa pamsika, pachipatala ndi pamalo otungira madzi, komanso chizilengezedwa m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Uthenga wa pa WhatsApp wokha umangozungulira anthu omwewo amene analipo kale.

Musapite nokha kukadandaula. Lembani kalata yaifupi kwa wapampando wa WDC, ina yofanana nayo ipite kwa khansala, ndipo anzanu a pamsika asainepo. M'kalatamo tchulani tsiku ndi ola limene mukufuna, pemphaninso kuti muone zimene zinalembedwa pa msonkhano wa Lachiwiri uja ndi chiwerengero cha amene anafikapo. Ngati anali ochepa, muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti nkhani ya ngalande ibwerezedwe mvula ya mu Novembala isanayambe.