Musanawoloke pa Mwanza, kodi nyanja yathu mwaiona?

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, achimwene a ku Chilomoni. Mukuti mwasunga kangachepe, mukufuna kutenga akazi anu ndi ana kukaona nyanja yamchere ku Mozambique, kukaona nyama ndi kuwedzako nsomba, chifukwa anzanu akuntchito akuti ku Mangochi n'koyenda ana asukulu. Mawu amenewo andibaya pamtima, popeza inenso ndinkayankhula chomwecho.

Mu 2019 ndinanyamuka pa Wenela, kudzera Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kupyola Chimoio ndi Inchope mpaka Maxixe. Masiku awiri panjira, miyendo yotupa. Tinakwera boti kupita ku Inhambane, kenako Tofo. Sindingakane, malowo ndi okongola. Unali mwezi wa Ogasiti, nthawi imene anangumi amachoka kumadzi ozizira akumwera kudzaswana, ndipo mmodzi anatukula mchira wake patsogolo pathu. Madzi amathawa gombe n'kusiya mchenga wonyowa, pakapita maola n'kubwerera, kawiri patsiku.

Tsiku lokawedza, mwini boti, bambo wa imvi amene zikhatho zake zinali zong'aluka ndi chingwe, atamva kuti ndine wa ku Malawi anandifunsa za Lago Niassa, dzina limene iwo amaitchulira nyanja ya Malawi. Ankafuna kudziwa ngati n'zoona kuti chambo chimalera ana ake m'kamwa. Ndinasowa chonena. Ine wokulira ku Ndirande, chambo ndinkachidziwira pabenchi mumsika wa Limbe basi. Funso limenelo linandisowetsa tulo kuposa mafunde aja.

Nditabwerera ndinapita ku Chembe, ku Cape Maclear. N'zoonadi, chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Pa chilumba cha Thumbi West ndinavala galasi n'kuviika nkhope m'madzi: mbuna za buluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudompha ndere pamiyala, zina zikufika pazala zanga. Nsomba zimenezi ndizo zinachititsa kuti malowa akhale paki mu 1980, ndipo UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mnyamata wa boti anaimba mluzu, n'kuponya kansomba, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzakawakha ndi zikhadabo. Usiku nyali za asodzi a usipa zinandanda pamadzi ngati mudzi. Pafupi pomwepo pali manda a amishoni a Livingstonia, amene anayambira pamenepa mu 1875.

Ndiye wina azinena kuti n'koyenda ana asukulu? Ayi, zimenezo ndimakana. Anthu amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kudzaona zimene ife tikuzinyoza tili ku Blantyre, ulendo wa maola ochepa. Ndipo chinthu chimene munthu sunachione sungachilirire. N'chifukwa chake timagula tiana ta chambo togwidwa ndi maneti a udzudzu, ngakhale nyengo imene nyanja yatsekedwa kuti nsomba ziswane, kenako n'kumadandaula kuti chambo chakwera mtengo. Zimandipweteka kwambiri. Mwana amene waona mbuna ndi maso ake sadzakhala chete akaona neti yotero ikukokedwa.

Tsono muchite bwanji?

Dzerani ku Zomba, mugone ku Liwonde. Kwerani boti pa Shire, mvuu, ng'ona ndi njovu mudzaziona pafupi. Chilowereni a bungwe la African Parks m'paki ya Liwonde mu 2015 anabwezeretsamo akakwiyo ndi mikango. Mawa lake Mangochi, Monkey Bay, Chembe. Pewani June mpaka Ogasiti ngati ana akwera boti, mwera umavuta. Seputembala ndi Okutobala madzi amakhala bata. Majekete oyandamitsa musawasiye. Pafupi ndi zilumba za paki sawedza, choncho pitani ndi asodzi a m'mudzimo kumene amaloledwa, mwina mudzakoka kampango. Mukabwerera, nonse mukayezetse likodzo. Ku Tofo mudzapite chaka china, ana atakulako, mapasipoti ali m'manja.